Nasimiyu ndi Mawu Odula Mchira

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, Nasimiyu anabisala kuseri kwa nyumba yawo ku Kasarani, nalira mpaka maso kutupa. Analephera zonse, ngakhale Chiswahili chimene ankachikonda kwambiri.

Anzake anapita kukoleji. Iye anapeza kangolo n'kuyamba kugulitsa mazira owiritsa pasiteji ya maminibasi. Ine ndinkagula pomwepo, ndipo ndinkaona mmene ankaweramira akaona mnzake wa kusukulu akudutsa.

Koma mtsikanayu anali ndi khutu. Mawu aliwonse atsopano amene achinyamata ankalemberana pafoni, iye ankayamba kuwadziwa.

M'mawa wina anafika Mayi Kerubo, ogulitsa masamba pambali pake, foni ili m'manja.

"Mwanawe, tamuona Ondieki, mwana wangayu. Dzana wandilembera kuti ali ku hosi, ndipite Sato, ndipo foni yake siikulowanso. Hosi ameneyu ndi mtsikana wa kwa yani? Nanga Sato ndi dera liti?"

Nasimiyu anaponya mpeni pansi. "Amayi, hosi ndi chipatala! Sato ndi Loweruka, ndipo Loweruka lake ndi lero!"

Anasiyira mnzake kangolo, nathamanga nawo. Anamupeza Ondieki m'chipatala chachitatu chimene anafufuzamo, mwendo utathyoka pangozi ya njinga yamoto, akubwebweta ndi kutentha thupi. Madokotala ankadikira wachibale woti avomereze opaleshoni.

Ondieki atatsitsimuka opaleshoni itatha, mayi ake anamupukuta thukuta pachipumi, misozi ili chuchuchu. "Chitsiru changa iwe, zilembo zinakuthera? Ukanafa ndi ulesi wa chala!"

Mayi Kerubo sasunga nkhani m'kamwa. Pasanathe mlungu, makolo anayamba kundanda pakangolo kaja. "Dzira limodzi mwanangu, undiuzenso chimene akunena mdzukulu wangayu."

Nasimiyu anagula kope n'kumalemba liwu lililonse. Polemba anatulukira kuti achinyamatawo sadula mawu mwachisawawa. Amasunga mutu n'kutaya mchira: dereva amasanduka dere, kondakitala amakhala konda. Kawirikawiri amamata "o" kumapeto, ndiye tauni imakhala tao.

Anayamba kudzijambula pafoni akufotokoza liwu limodzi patsiku, n'kuika pa intaneti. Kanema woyamba anamuonera anthu khumi ndi mmodzi, ndipo ambiri anali abale ake. Achinyamata anamunyodola: "Wamazira wayamba kugulitsanso zinsinsi zathu!" Ena ankapeka mawu abodza dala kuti amuchititse manyazi. Tsiku lina anagwadi mumsamphawo, anthu namuseka mlungu wathunthu.

Sanasiye. Anapepesa, naphunzira kuyamba wafunsa makondakitala atatu asanakhulupirire liwu latsopano. Anachita zimenezi zaka ziwiri, mvula ndi dzuwa, mpaka makope anakwana asanu.

Kenako bungwe lina la zaumoyo linamuitana. Mauthenga awo opita kwa achinyamata sankawerengedwa chifukwa ankamveka ngati ulaliki. Nasimiyu anawalembanso m'chilankhulo cha pafoni, ndipo achinyamata anayamba kubwera kudzayezetsa. Anamulemba ntchito.

Lamlungu lililonse masana amaphunzitsabe makolo mwaulere m'holo ya tchalitchi. Kumeneko kunabwera Bambo Mwendwa, a zaka 72, amene mwana wawo Kalekye anali atatha chaka osawayankha atayambana.

"Ndimamulembera tsiku ndi tsiku," anadandaula motero, akumuonetsa mauthenga aatali odzaza ndi malangizo.

"Bambo, izi ndi zigamulo za kukhoti," anaseka Nasimiyu. "Mtima wanu ukufuna kunena chiyani? Nenani chimenecho basi."

Anawaphunzitsa kuti nyumba achinyamata amati hao. Mkuluyo anakonza magalasi ake, nalemba ndi chala chimodzi: "Ndakusowa. Bwera ku hao."

Kalasi isanathe, foni inalira. Bambo Mwendwa anaimirira n'kuwerenga mokweza: "Adadi, wakuphunzitsani ndani zimenezi? Ikani tiyi pamoto, ndikubwera."

Amayi a m'holomo anatchaya nthungululu.

Iwe amene ukuwerenga uli wosweka mtima, pali kanthu kamene umakadziwa bwino, mwina kooneka kachabe moti suyerekeza n'komwe kukatchula. Kwinakwake kuli munthu amene akuvutika chifukwa sakadziwa. Kasamalire, kanole tsiku ndi tsiku, ngakhale akuseke. Usataye mtima, m'bale wanga.