Chifuwa Chimene Ndinkati Ndi Utuchi

Chifuwa chinandiyamba mu Juni ndili ku Luwawa, nthawi imene chifunga chimakuta mitengo ya paini mpaka masana. Sindinadandaule. Kumeneko aliyense amatsokomola, ndipo onse amanamizira utuchi.

Ine ndinali mmodzi wa amayi oyendayenda. Tinkatsata kumene kuli amuna: ocheka matabwa akalandira tili ku Luwawa, fodya akagulidwa tili ku Boma, m'tizipinda ta kuseri kwa mabala. Chipatala ndinkachilambalala dala. Ndinkaopa kukakumana pa mzere ndi makasitomala anga ali ndi akazi awo.

Pofika Ogasiti siketi inayamba kundivuka, ndipo ndinkadzuka zofunda zili chinyezi ndi thukuta. Mnzanga Nyachirwa, amene anasiya ntchito yathuyi n'kuyamba kugulitsa tomato mumsika, anandikweza kabaza n'kupita nane kuchipatala osandifunsa maganizo.

Anandiyeza makhololo ndi magazi. Anapeza chifuwa chachikulu komanso kachilombo, ndipo anandigoneka. Za masiku oyambawo ndimakumbukira pang'ono. Thupi likatentha ndinkaona ngati mitengo ya ku Luwawa yabwera kudzaima pawindo, chifunga chikuyenda pakati pa mabedi. M'mawa ankatiyeza pasikelo, kutipatsa mapiritsi, kenako phala. Kotsalako kunali kudikira.

Tsiku lotuluka namwino anandiuza kuti mankhwala a chifuwa ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikadukiza, matenda adzabwerera ali okanika. Pafunika malo amodzi ndi munthu wondiyang'anira. Kenako anafunsa, "Kodi mumakhala kuti?"

Zipinda ndinkazidziwa zambiri, koma panalibe ndi chimodzi chomwe chimene ndikanati ndi kwathu. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene anandiuza zotsatira.

"Wakukhala kwane, mbwenu," anatero Nyachirwa m'Chitumbuka chake, kutanthauza kuti ndimakhala kwa iye, akumanga kale katundu wanga m'chitenje.

Chifuwa chinatha mu Febuluwale. Thupi labwerera, ndipo mankhwala otalikitsa moyo ndimamwa osaphonya. Anzanga, chifuwa chikapitirira masabata awiri musanamizire utuchi kapena fumbi, pitani msanga. Mzere umene ndinkauopa uja ndimakhalapo tsopano mutu uli m'mwamba.

Mwezi watha pa mzere womwewo panafika bambo wina wocheka matabwa amene ndinkamudziwa bwino, atawonda, akutsokomola monga ndinkachitira ine. Atandiona anazolika n'kutembenuka kuti azibwerera. Ndinasendera pabenchi n'kumuuza kuti, "Achimwene, khalani apa. Si utuchi umenewo."