Mwana Atatupa, Masamu Ndinawapitiriza

Mayeso olowera ku koleji ya zamalonda ndinawalemba kawiri. Ulendo woyamba Chingerezi ndinakhoza, koma masamu anandigwetsa. Setifiketi yotayipa ndinali nayo kale, imangogona m'sutikesi, ndipo mtima wanga unali pa dipuloma. Inali nthawi ija sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, amuna anga atalembedwa uphunzitsi, ine ndili pachitengwa kufupi ndi Kasakula, mwana nditangomuletsa kuyamwa.

Loweruka lililonse ndinkatsika phiri kupita kwa bambo wina wophunzitsa masamu kusekondale, mwana ndikumusiya ndi apongozi anga aakazi. Tinkaphunzira pakhonde, akazi awo akupeta chimanga pomwepo. Palibe chimene chinachitika pakati pa ine ndi bamboyo. Ndikunena izi chifukwa mpaka lero ndimaona ngati ndiyenera kuzinena.

Kenaka mwana anayamba kutupa timiyendo ndi masaya. Tsiku lina ndikuti ndithire mchere m'ndiwo, apongozi anandigwira dzanja.

"Siyani, amake mwana. Ndithira ndine."

"Bwanji, amayi?"

"Mwatopa ndi masamu," anatero osandiyang'ana.

Kwathu kuno mwana akatupa amati ndi tsempho, ndiye kuti kholo lake layenda ndi wina kunja kwa banja, ndipo mkazi woganiziridwa zotere samulola kuthira mchere. Kuchipatala cha mishoni namwino anati phala ndi lamadzimadzi, tizithiramo nsinjiro ndi dzira. Apongozi anangoti, "Achipatala amadziwa zawo."

Ndinayamba kukayikira aliyense. Amayi a m'mudzi akasiya kuseka ine ndikufika pachitsime, ndinkati akunena ine. Ndinakayikiranso amuna anga. Nanga tsempho limachokera kwa mayi yekha? Iwo ankabwera mochedwa, ati amaphunzitsa ana mpira, koma palibe anawafunsa kanthu.

"Inu, mukukhulupirira zimene akuganiza amayi anu?" ndinawafunsa.

Anakanda m'mutu. "Ingosiyani masamuwo, anthu akhale chete."

Sanati ayi. Ndinazindikira kuti ndikasiya, ndiye kuti ndavomera mlandu. Loweruka lotsatira ndinagwada pamaso pa apongozi. "Amayi, tiyeni mundiperekeze. Njira ija ndimaopa ndekha."

Anavomera msanga moti ndinadabwa. Kuyambira pamenepo ankakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo, maso ali pa dzanja la aphunzitsi likamaloza m'kope langa. Ine ndinkawerengetsa maperesenti. Kunyumba phala la mwana ndinkaphika ndekha, nsinjiro ndikusinja ndekha, osalola wina aliyense kuligwira.

Mayeso ndinakalembera ku Lilongwe, ndipo masamu ndinakhoza. Mwana nayenso anaphwa, nayamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Tsiku limene ndinkalongedza katundu wa kukoleji, apongozi anamunyamula mwanayo, namutsina tsaya, n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Waona? Chiyambireni kuwaperekeza, mwana wachira."

Amuna anga anagwedeza mutu movomereza.