Dzina la pa Zenera la Ofesi

Ine sukulu ndinalekezera sitandade wani, ndipo chimene ndinatolako ndi nyimbo basi. Ndinakula ndikuthyola tiyi, ndinakwatiwa, bambo wa ana anawolokera ku Mozambique osabweranso. Ndinatsala ndi ana atatu m'nyumba yodontha, ndikugulitsa zitumbuwa pamsewu wopita ku Muloza.

Zitumbuwazo ndinkakulunga m'mapepala a makope akale a mwana wanga woyamba, wamkazi. Mwanayu ankalemba dzina lake pamwamba pa tsamba lililonse, ngati kuti wina amulanda. Tsiku lina ndinamufunsa kuti tizilembo tobwerezabwerezati n'ta chiyani. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandikhazika pakhonde. Chaka chonse cha sitandade eyiti ankandiphunzitsa akaweruka, ndipo anali mphunzitsi waukali zedi. Ndinkawerenga ngati ndikutola mpunga wotayikira pamchenga, koma ndinkawerenga ndithu.

Mwanayu atalemba mayeso, achimwene anga, amene ndi mwinimbumba wathu, anamutenga kuti akathandize akazi awo ntchito ku Muloza. Zotsatira zitatuluka, achimwenewo anabwera panjinga n'kukhala pampando wanga umodzi womwewo.

"Mlongo, ndadzera kusukulu," anatero. "Dzina palibe, mwana walephera. Koma usadandaule, kuli bambo wina wa golosale akumufuna. Loweruka abwera ndi ankhoswe ake."

Kwathu mwinimbumba sutsutsana naye pamaso. Koma mtima unandiwira. Mwana amene anatha kuphunzitsa mutu wouma ngati wangawu angalephere bwanji mayeso?

M'mawa mwake ndinamanga chitenje n'kupita kusukuluko wapansi. Pepala la mayina analimata pazenera la ofesi. Ndinaika chala padzina loyamba n'kuyamba kutsika, milomo ikugwedera. Mayi wina kumbuyo kwanga anatopa nane.

"Inu amayi a zitumbuwa, mukusita pepalalo kapena? Tasunthani tikuwerengereni."

Ndinamuuza kuti ayi, kuwerengeredwa ndatopa nako, adikire. Chala chinapitiriza kutsika mpaka chinaima chokha cha kumunsi. Linali dzina lomwe lija ndinakulungira zitumbuwa chaka chathunthu, ndipo pambali pake panali dzina la sekondale. Ndinaliwerenga katatu. Ndinalira pomwepo anthu akuona, ndipo manyazi ndinalibe.

Sindinadzerenso kunyumba, ndinalunjika ku Muloza. Ndinapeza mwana wanga akuchapa matewera paseli, achimwene ali pakhonde kumvera wailesi.

"Tenga zovala zako tizipita," ndinamuuza mwanayo. "Wasankhidwa."

Achimwene anazimitsa wailesi. "Wakunamiza ndani iwe? Ndiye ngakhale zitakhala zoona, fizi ukaitenga kuti? Mwana nsapato zomwe alibe!"

"Achimwene, za fizi ndi mavuto anga, ndiona chochita. Bambo wa golosaleyo mumuuze kuti Loweruka asavutike."

Anaimirira, maso ali psu. "Ndikufunsa iwe, pepalalo wakuwerengera ndani?"

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo achimwene ndili chiimire, ndipo ndinkadziwa kuti kuyambira tsikulo ngakhale mchere sadzandipatsanso. Mwana wanga anali ataima pakona ya nyumba, thovu la sopo m'manja, akundiyang'ana monga ankachitira pakhonde paja ndikakakamira pachilembo chovuta.

"Palibe wandiwerengera," ndinatero. "Ndawerenga ndekha."