Tsiku limene a Laston anamanga mlongo wawo

A Laston ndinawadziwa asanatembenuke mtima, akumata matayala a mathiraki pa malire, ine ndikugulitsa manachesi pafupi ndi shedi yawo. Anabadwira ku Thambani, sukulu anaisiyira panjira, ndipo chimene ankatchuka nacho ndi zibakera. Dalaivala wina wa ku Tete anasiya mano awiri m'fumbi chifukwa chonena kuti chigamba sichinagwire. Munthu yekhayo amene sankamukalipira anali mlongo wawo Deliwe, yemwe ankadwala khunyu kuyambira ali mwana. Makolo atamwalira anamutenga, ndipo mwezi uliwonse ankamukweza pa njinga kukatenga mapiritsi ku chipatala cha pa boma. Akamamwa bwinobwino ankatha miyezi osagwa.

M'chaka cha 2010 a Laston analowa kampingo kena kamene kankasonkhana m'chisakasa kuseri kwa msika. Mowa anasiya, ndewu anasiya, ndipo kunena zoona tonse tinapuma. Koma mtsogoleri wawo, a Kinsley, odzitcha mneneri, anali ndi nyimbo imodzi basi: wokhulupirira aliyense anaitanidwa kuchita zozizwitsa lero lino, ndipo amene sanachiritsepo munthu ndiye kuti chikhulupiriro chake n'chapakamwa. Mawuwa anawalowa a Laston mpaka m'mafupa. Anapempherera mayi wina wotupa mwendo, mwendo osaphwa. Anasala kudya masiku atatu, osaona kanthu. Munthu wamkulu uja anayamba kuyenda chowerama ngati waba nkhuku.

"Mukusaka odwala kutali chonsecho chiwanda chili m'nyumba mwanu," a Kinsley anawauza tsiku lina pa shedi, ine ndikumva. "Mapiritsi ajatu ndiye chakudya chake."

Madzulo ake a Laston anawataya onse m'chimbudzi. Nditamva ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati Mulungu amene amamupempherayo si yemweyo anapatsa nzeru madokotala.

"Mayi, inu zanu ndi manachesi," anatero. "Zauzimu tisiyireni."

Pa masabata awiri Deliwe anagwa kanayi. A Kinsley anati chiwanda chamva njala, tsopano chatsala n'kuchitulutsa. Loweruka masana anabwera kunyumba kwa a Laston, kuseri kwa shedi, ndi amuna atatu ndi amayi angapo atanyamula nthambi zaziwisi za mpichesi. Kumpingo kwawoko amakhulupirira kuti ukamenya wodwala ululu sufika kwa iye, umapita kwa chiwanda, ndiye akamalira kwambiri ndiye kuti zikuyenda. A Laston anatenga malegeni, aja odula ku machubu akale omangira katundu pa njinga, n'kumumanga mlongo wawo manja ndi miyendo pa mkeka. Anamanga ndi luso lawo lonse, mfundo zosati n'kumasuka.

Kukuwa ndinakumva ndili pa benchi panga. Pamene ndinkafika, bulauzi ya Deliwe inali itang'ambika, msana uli mizeremizere, magazi akutsikira pa mkeka. Amayi aja ankaimba n'kumawomba m'manja, amuna akusinthana nthambi.

"Tuluka! Nena dzina lako!" a Kinsley ankakuwa.

"Ndine Deliwe! Achimwene, ndine Deliwe!"

"Musamvere, n'chabodza chimenecho," anatero a Kinsley. "A Laston, ino ndi nthawi yanu."

Nthambi zinali zitathyoka, ndiye a Laston anavula lamba. Ndinawagwira mkono, anandikankha ndinakagwera pa ndowa. Anamenya akulira, misozi ili chuchuchu, uku akutchula dzina la Yesu. Chitsulo cha lamba chinamupeza Deliwe pa diso. Pompo matenda anamugwira, thupi linauma, thovu kukamwa, mutu ukumenya pansi, ndipo poti anali womangidwa, phewa linaguluka tonse tikumva. Kenako anangoti zii.

Gulu lonse la anthu aja linaphulika ndi aleluya, ati chatuluka. A Laston anagwada akumwetulira, koyamba m'miyezi yambiri, n'kumuitana mlongo wawo kuti adzuke achitire umboni. Sanadzuke. Anamuitananso. Apo ndi pamene ndinaona nkhope ya munthu ikugwa. Mfundo zija zinakana kumasuka, mpaka ndinachita kudula ndi mpeni wanga wosendera zipatso. Pamene tinkamukweza m'galimoto, mneneri ndi gulu lake anali atazimiririka.

Deliwe anakhala m'chipatala milungu itatu. Moyo anapulumuka, diso lamanzere linapita. Apolisi anawasunga a Laston masiku angapo, koma Deliwe anakana kuwaneneza, akuti akamangidwa adzamusamala ndani. Ine mpaka lero ndimawakwiyira, komanso ndimawamvera chisoni, ndipo sindidziwa kuti chachikulu n'chiti.

Kumpingo kuja sanapitenso, koma Mulungu sanamusiye. Amapemphera okha m'shedi asanayambe ntchito. Tsiku lina Deliwe akundithandiza kuyala manachesi, anamva chizungulire chija chimene chimabwera asanagwe. A Laston anaponya sipanala n'kuthamanga kuti amuwakhe asamenyetse mutu pa mwala, pakamwa pawo pakutuluka kale pemphero. Deliwe anakwawira kuseri kwanga, wadziphimba kumutu ndi manja onse awiri.

"Achimwene, chonde," anatero, "ndisiyeni ndingogwa. Musandipempherere."