Ndinaima Pakhomo Phiri Likugwedezeka

Ntchito ija anandipezera ndi a Banda, mkulu wa mpingo wathu ku Mirrabooka, kuno ku Perth. Anatopa kundiona ndikunyamula makatoni a kabichi pamsika wa Canning Vale, digiri yanga ya za miyala ikuchita nkhungu m'sutikesi. "Achimwene, pali kakampani kakufuna munthu woyang'ana masikirini. Kaapulayeni, musachite manyazi."

Kampaniyo inalembedwa ntchito ndi boma la chilumba china chakutali kuti iziyang'anira phiri lawo lophulika. Paphiripo anakwirira masesimomita anayi, timakina tomva kugwedezeka kwa nthaka, toyendera sola ndi batire. Ine ndinkawerenga mizere yake pakompyuta kuno ku Perth. Mzere ukakhala wopyapyala, phiri lagona. Ukanenepa n'kumanjenjemera osalekeza, ndiye kuti chiphalaphala chikukwera. Masayirini olira mochenjeza anthu m'midzi anali akadali papepala la boma, choncho chenjezo linkayenda pafoni, ndipo wololedwa kuimba anali bwana wanga Greg yekha.

Tsiku lina m'mawa batire la sesimomita ya pamwamba pa phiri linatsika mphamvu. Ndinaimbira mayi Selina, a m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, amene ankatisamalirira zipangizo, kuti akapukute phulusa pa sola. Anaseka. "Iwe wa ku Malawi, undikalambitsa ndi phiri limeneli." Kumtundako foni sigwira, ndiye ananyamula ovaova, wailesi ya m'manja imene ofesi ya boma inkawalankhulirapo.

Patapita maola awiri, mizere yonse inayi inanenepa. Ndinathamangira kwa Greg, koma ndinapeza ali pamsonkhano ndi akuluakulu, chitseko chotseka. Ine ndinaleredwa kuti akulu akamalankhula suwadula mawu. Ndinagogoda pang'onopang'ono, palibe anamva. Ndinaima pamenepo, pepala la mizere ija lili m'manja, kudikira kuti amalize. Theka la ola lathunthu, bambo wandevu zanga, chiimire ngati mkamwini pakhomo pa apongozi.

Greg atatuluka n'kuona pepalalo, nkhope inasintha. "Bwanji sunathyole chitsekochi?" Anaimbira ofesi ya boma ija pompo. Anthu a m'mudzi anathawa onse. Mayi Selina uthenga unawafika mochedwa, ndipo mtambo wa phulusa lotentha unawapeza akutsika, n'kufera pomwepo. Amene ndinawatuma kumtundako ndine.

Sanandichotse ntchito. Lipoti linati cholakwika chinali ndondomeko, ndipo tsopano aliyense woona mzere utanenepa amaimba yekha. Zimenezo sizinanditonthoze ngakhale pang'ono, mtima umandipwetekabe. Masayirini aja mpaka lero akuti akukambirana, phiri nalo silinasamuke, ndipo anthu anabwerera m'tsinde momwemo chifukwa minda yawo ili komweko. Tsiku lililonse ndimayang'ana mizere ndikudziwa kuti lidzaphulikanso.

Ndinaphunzira kuti ulemu uli ndi nthawi yake, koma ndinaphunzirira pa moyo wa munthu. Ana anga akandidula mawu ndi Chingerezi chawo chothamanga, amayi awo amawakalipira kuti alibe mwambo. Ine ndimangowasiya alankhule.