Miyala ya Bambo ku Biriwiri

Fungo la mwala woswedwa kumene, lija longa machesi ozima, limandibwezera ku Biriwiri, chilimwe chimene bambo anabwera kutchuthi kuchokera kumigodi ya ku Joni. Anabwera ndi chifuwa, ndi kamwala kamodzi m'thumba la jekete. Tchuthi chikatha ankayenera kubwerera, pokhapokha mapiri athu atapezeka kuti ndi pachibale ndi miyala ya kumeneko. Ankati akakhala pachibale ndiye kuti golide ali pompano, za ku Joni zatha.

Abale inu, ndinaona zakuda! Anzanga akuthirira kabichi kudimba, ine ndili pambuyo pa bambo kukwera zitunda, dzuwa lili paliwombo, thumba la feteleza lodzaza miyala likundidula phewa. Mwala uliwonse ankaulavulira, kuupukuta ndi chala, n'kuuika pambali pa wa ku Joni uja. Ati wa kumeneko unagonekedwa ndi mitsinje yakalekale, n'chifukwa chake unali ndi timiyala tobulungira m'kati. Yathu inali ya mizeremizere yokhotakhota ngati chitenje chofinya. Nanga ine zinkandikhudza pati? Ndinkangofuna kukasewera phada.

Kunyumba ndiye kunalibe mtendere. Miyala pakhonde, miyala pansi pa bedi, zala zathu zakumapazi zinatha n'kupunthwa. Tsiku lina anasinja mwala wonyezimira mumtondo wa amayi mpaka mtondowo unang'aluka, fumbi lake n'kulitsukira m'beseni losambira. Zonyezimirazo zinangoyandama n'kupita ndi madzi.

"Bambo a Tereza, mwandiphera mtondo chifukwa cha zimenezi?" amayi anakalipa. "Tizikonolera m'chipewa chanucho?"

Bambo anangotsokomola, maso ali m'beseni.

"Si pachibale," anatero pomaliza. "Ya uko ndi nkhalamba. Yathuyi inachita kupsa pansi pa nthaka, n'kukankhana mpaka kupindika. Kataye zonsezi, Tereza."

Ndinakataya ndikuvina! Ndinaponya kuchigwembe umodziumodzi, nyimbo ili pakamwa. Mvula isanagwe, bambo anakwera basi pamsewu waukulu.

Nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wamkulu wotitopetsa ndi masewera a miyala. Lero ndapitirira msinkhu umene anali nawo, ndipo ndikudziwa kuti ankaopa kutsikanso kudzenje la mgodi, koma mwamuna wa kwathu sakanatulutsa mawu amenewo pakamwa. Zimandipsetsabe mtima. Akanangonena, ine ndikanawanyamulira phiri lonselo.