Kabokosi Kowambidwa pa Moto

Feston Simoni wa ku Chiromo adabadwira m'banja la asodzi, koma bwato silidamuyanje. Anzake akupalasa, iye ankasanza. Anthu adamuseka mpaka adagula kamera, ndiye oseka omwewo nkumabwera atavala masuti obwereka kuti awajambule. Paukwati, paubatizo, pomanga chiliza, kuchokera ku Chiromo mpaka kwa Malemia, Feston sankasowa. Kwa a Simoni sikudabadwepo mlesi, ndipo wotsutsa abwere adzanene pamaso.

Adakwatira Mervis, woyimba kwaya uja ankati akakweza mawu ngakhale ogona m'tchalitchi ankadzuka. Mervis adamwalira mwana wawo Flossy akadali kubere. Zithunzi zake zonse, ndi kanema mmodzi akuyimba, Feston adazisunga m'kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya, kamene amati hadi diraivi. Sadatsukitse ngakhale chimodzi. Ankangoti, "Flossy akadzayamba kufunsa, ndidzamuonetsa amayi ake."

Madzi osefukira a mu 2015 adabwera Feston ali ku ntchito ku Nsanje. Azakhali a Feston, a Emelia, adabereka Flossy, nakamangirira kabokosiko pachitenje, nawoloka madzi ofika m'chifuwa. Mwana adapulumuka, kabokosi kadanyowa. Tsono a Emelia adakulira kuwamba milamba, ndipo chonyowa chosayenera kuwonongeka ankachidziwa mankhwala ake. Adakaika pawaya pamoto wautsi masiku awiri, akumakatembenuza mwachikondi.

Feston atakalumikiza ku laputopu, palibe chidaoneka. Adasintha chingwe, nayesa bowo lina, nazimitsa nkuyatsanso. Zii. Adakwera minibasi kupita kwa Lorenso, wokonza makompyuta paboma.

Lorenso adakanunkhiza. "Achimwene, mwabweretsa diraivi kapena ndiwo?"

Ataona kuti mnzake sakuseka, adakhala pansi. Adakayesa pamakompyuta awiri, nakachotsa m'chikombole chake, nakalumikiza kali maliseche, kenaka nkukagunditsa kukhutu.

"Kamoyo kamalira ngati njuchi," adatero. "Akadakhala madzi okha tikadalimbana nawo. Koma moto wamaliza zonse. Pepani."

Kunyumba a Emelia adamuchingamira panjira. "Kadauma bwino, eti baba? Ndidakatembenuza mbali zonse."

Feston adayang'ana manja awo okhakhala aja, amene adanyamula mwana wake m'madzi.

"Kadauma, azakhali. Takhuta, zikomo kwambiri. Adakapha ndi madzi."

A Emelia adalowa m'manda osadziwa china.

Flossy atayamba sukulu adafunsadi. Feston adatenga njinga nayendera onse amene adawajambulapo, kupempha kuona zithunzi zawo, mwina Mervis adalowamo mwangozi. Ambiri zithunzi zawo zidapita ndi madzi. Ena ankamuthamangitsa ngati wamisala, anthu omwe iye adawakongoletsa pa maukwati awo! Patatha miyezi isanu, kwa Malemia adapeza chimodzi. Mkwatibwi akumwetulira, ndipo kumbuyo kwake, m'mphepete mwenimweni, Mervis atasenza ndowa, nkhope itadukira pamphuno.

Flossy adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mbali inayi, ababa?"

"Inayo ili ngati yakoyo."

Mwana adadzigwira tsaya. "Ankayimba bwanji?"

Feston adakonza kukhosi. Nyimbo ya m'kanema ija ankaidziwa yonse, koma atangoyamba mzere woyamba adamva mawu ake okha, olemera ngati a ng'ombe, nasiya. Flossy adadikirabe.